Benzi ya kaunjika ndi pepala lake: kodi chitsimikizo cha kampani n'choyenera ndalama zake?

Galimoto yapamwamba imagwa mtengo msanga kuposa mmene imakalambira. Mercedes-Benz E-Class kapena BMW 5 Series imene yayenda zaka zitatu m'misewu ya ku Manchester kapena ku Johannesburg imakhala ikadanyezimira, mipando yake yachikopa isanang'ambike, injini ikulira mwakachetechete ngati yatsopano. Koma mtengo wake umakhala utatsika kwambiri moti namwino wa ku Leeds, kapena mlongo wathu amene wakhala akusunga marandi ku Randburg, amayamba kuiyang'ana kawiri. Chimene sichitsika ndi mtengo wa masipeya. Nyali yakutsogolo ya galimotoyo, giyabokisi yake, kompyuta imene imalamulira injini, zonsezi zimagulitsidwabe pamtengo woyenerana ndi bwana amene anaigula ili yatsopano. Makaniko wa ku galaja ya kampani nayenso satsitsa malipiro ake a pa ola chifukwa choti mwini wake tsopano ndi munthu wachiwiri.

Pampata umenewu ndi pamene makampani opanga galimoto anapezerapo malonda. Ku America amawatchula Certified Pre-Owned, ku Mangalande ambiri amati Approved Used, ndipo ku Joni kampani iliyonse ili ndi dzina lake. Lonjezo lake n'lofanana: galimotoyi taiyeza, zowonongeka tazikonza, mbiri yake taifufuza, ndipo ikakuvutani m'miyezi yakutiyakuti tidzaikonza ndife. Posinthana ndi zimenezi, wogula amalipira ndalama zoonjezera poyerekeza ndi galimoto yofanana nayo imene ikugulitsidwa ndi mwini wake kapena pa yadi wamba ya galimoto. Funso limene limavuta anthu ndi lakuti ndalama zoonjezerazo zimabwerera kapena zimangopita.

Yankho langa ndi lakuti nthawi zambiri zimabwerera, koma kwa munthu mmodzi yekha: amene akugula galimoto yovuta m'kapangidwe, amene akhala nayo m'dziko lomwe waigulalo, ndipo alibe ndalama zapadera zoti angatulutse tsiku limodzi injini ikafuna kutsitsidwa. Kwa ena onse nkhaniyi ndi yokayikitsa, ndipo kwa amene akufuna kuikweza sitima kupita nayo kumudzi, pepalalo limasanduka pepala chabe.

Kumene zinachokera

Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba nkhani yaifupi imene inadzamuthandiza kulandira mphoto ya Nobel mu 2001. Chitsanzo chake chachikulu chinali msika wa galimoto zogwiritsidwapo ntchito. Wogulitsa amaidziwa galimoto yake mkati ndi kunja, wogula sakudziwa kanthu. Poopa kupusitsidwa, wogula amangofuna kulipira mtengo wapakatikati. Mwini galimoto yabwino akaona mtengo umenewo amakana kugulitsa, ndiye pamsika pamachuluka zowola. Mapeto ake aliyense amaluza, ngakhale wogulitsa wachilungamo. Akerlof anaonanso kuti chimodzi mwa zinthu zimene zimachiza matendawa ndi waranti, chifukwa wogulitsa amene wavomera kudzalipira zowonongeka akusonyeza kuti akukhulupirira katundu wake.

Makampani sanayambe zimenezi chifukwa chowerenga Akerlof ayi. Anali ndi vuto lawo. M'zaka za m'ma 1990 anthu ambiri ku America anayamba kubwereka galimoto zapamwamba kwa zaka ziwiri kapena zitatu m'malo mozigula, ndipo nthawi ikakwana galimotozo zinkabwerera kwa madila zambirimbiri. Zikanatayidwa pa okushoni pamtengo wozizira, zikanagwetsa mtengo wa zinzake zonse, ndipo kubwereketsa zatsopano kukanadula. Panafunika njira yozigulitsiranso mwaulemu. Lexus, imene inali itangolowa pamsika mu 1989, inali pakati pa oyamba kukhazikitsa dongosolo lotere mu 1993, ndipo ena anatsatira. Ku Mangalande mtsinje womwewo umayenda kudzera m'ngongole za galimoto zotchedwa PCP, zimene munthu amalipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu kapena zinayi kenako n'kubweza galimoto kuti atenge ina.

Ndikunena zimenezi kuti wogula adziwe amene anakonzeredwa phwandoli. Dongosololi limateteza kaye mtengo wa dzina la kampani, limabweretsa ntchito m'magalaja ake, ndipo limakokera munthu watsopano m'banja la BMW kapena Audi ndi chiyembekezo choti tsiku lina adzagula yatsopano. Zimenezi sizikutanthauza kuti wogula sapindula. Zikungotanthauza kuti phindu lake ayenera kuliwerengera yekha.

Zimene zili m'phukusimo

Zotsatsa malonda zimakonda kutchula chiwerengero cha malo amene amayezedwa. Porsche imati 111. Lexus ya ku America imati 161. Chiwerengerochi chisakusokonezeni. Pamndandanda wotere pamakhala zinthu ngati kuona ngati hutala ikulira, ngati nyali ya m'kati ikuyaka, ngati galasi likutsika ndi kukwera. Ndi zofunika, koma makaniko aliyense wosamala akhoza kuziona. Palibe kuyeza kumene kungaone mkati mwa giyabokisi n'kulosera kuti ifa mu Ogasiti. Ndiponso amene akuyeza ndi wantchito wa dila yemweyo amene akufuna kuti galimotoyo ituluke pa yadi. Pemphani pepala la kuyezako, losainidwa, ndipo muliwerenge. Dila amene akuzengereza kukupatsani wakuuzani kale kanthu.

Chamtengo wapatali m'phukusili ndi waranti. Ku America, BMW ndi Mercedes-Benz zatsopano zimabwera ndi waranti ya zaka 4 kapena mamailosi 50,000, ndipo dongosolo la galimoto zotsimikizidwa limaonjezera chaka chimodzi mosawerengera mtunda. Porsche ndi Lexus zimaonjezera zaka ziwiri. Ku Mangalande, kumene waranti ya BMW ndi Mercedes yatsopano ndi zaka 3, galimoto ya Approved Used imabwera ndi miyezi yosachepera 12, kuphatikizapo chithandizo cha pamsewu ikakuferani. Malamulowa amasinthasintha, choncho chimene chili ndi mphamvu ndi kabuku kamene mwapatsidwa tsiku logula, osati zimene mnzanu anapatsidwa zaka zitatu zapitazo.

Apa pali msampha umene ambiri amagweramo. Ngati galimoto ili ndi chaka chimodzi chokha kapena ziwiri, waranti ya kufakitale imakhala ikadalipo, ndipo imatsatira galimotoyo kaya mwaigula kwa ndani. Munthu amene walipira ndalama zoonjezera pa galimoto yotereyi, n'kuigulitsa patapita chaka, walipirira chitetezo chimene anali nacho kale. Chitsimikizo chimayamba kulemera pamene waranti yoyamba yatha kapena yatsala pang'ono kutha, galimoto ili ndi zaka zitatu, zinayi, zisanu. Ndi msinkhu womwewo pamene mapaipi a labala amayamba kuuma, masensa kunama, ndi zinthu zodula kuyamba kulankhula.

Palinso kusiyana kumene ogulitsa ena sakonda kukufotokoza. Pali chitsimikizo cha kampani imene inapanga galimotoyo, chimene mungapite nacho ku galaja iliyonse ya kampaniyo m'dzikomo. Ndiye pali mawu oti "yotsimikizidwa" amene yadi iliyonse ingathe kumata pagalasi. Waranti ya mtundu wachiwiriwu kawirikawiri ndi inshuwalansi ya kampani ina, ndipo imakhala ndi malire: ndalama zakutizakuti pa chipangizo chilichonse, malipiro a makaniko osapitirira akutiakuti pa ola, ndiponso mndandanda wa zipangizo zotchulidwa mayina, kutanthauza kuti chimene sichinatchulidwe sichilipiridwa. Pa Toyota Corolla malire oterewa akhoza kukwanira. Pa Range Rover sangafike ndi theka lomwe. Funsani funso limodzi lokha: galimotoyi ikawonongeka, amene adzalipire ndi ndani, ndipo dzina lake lalembedwa pati?

Zimene zimafa, ndi chifukwa chake zimadula

Kuti timvetse phindu la waranti tiyenera kuyang'ana pansi pa boneti. Galimoto yapamwamba imakoma chifukwa cha zinthu zomwezo zimene zimadzailiritsa mwini wake. Mercedes S-Class, Range Rover, Audi A8 ndi zinzake zambiri sizikhala pa masipulingi achitsulo. Zimakhala pa matumba a labala odzazidwa mpweya ndi pampu yamagetsi. N'chifukwa chake zimadutsa m'maenje ngati zikuyandama. Koma labala imakalamba. Thumba limodzi likayamba kutaya mpweya, pampu imagwira ntchito mosalekeza mpaka nayonso kupsa, ndipo m'mawa wina mumaipeza galimoto itagwada mbali imodzi. Amakaniko ambiri amalangiza kusintha matumba awiri nthawi imodzi, ndiye bilu imabwera yonenepa.

Pali zitsanzo zodziwika zimene eni galimoto padziko lonse amazikumbukira. Injini ya dizilo ya BMW yotchedwa N47, imene inayamba kuikidwa m'galimoto zambiri za 1 Series, 3 Series ndi 5 Series kuyambira 2007, inatchuka ndi vuto la timing chain. Tcheniyo ili kumbuyo kwa injini, kumbali ya giyabokisi, moti kuti makaniko aifikire amayenera kuchotsa giyabokisi kapena kutsitsa injini yonse. Ikaduka galimoto ikuyenda, mavavu ndi mapisitoni amagundana, injini n'kutheratu. Porsche 911 ndi Boxster za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 2000 zinali ndi kaberingi kakang'ono kotchedwa IMS, kamene kakafa kankapha injini yonse, ndipo nkhaniyi inafika mpaka kukhoti ku America. Mu 2005 Mercedes-Benz inaitanitsa galimoto pafupifupi 1.3 miliyoni kuti zikakonzedwe zamagetsi ndi mabuleki, makamaka mabuleki oyendetsedwa ndi kompyuta amene anali mu E-Class ya nthawi imeneyo. Awa ndi makampani a akatswiri, koma chinthu chikachuluka nzeru chimachulukanso malo ofera.

Ndiye pali zazing'ono zimene munthu wozolowera galimoto za ku Japan sangaziganizire. Pa BMW zambiri, ukasintha batire uyenera kuiuza kompyuta ya galimoto kuti batire ndi yatsopano, apo ayi imaitchaja molakwika. Nyali yakutsogolo si babu lokha. Ndi bokosi lokhala ndi timakina totembenuza kuwala ndi kakompyuta kake. Galasi lakutsogolo likasweka, kamera imene ili kumbuyo kwake iyenera kulunjikitsidwanso ndi makina. Chikomekome cha mkuyu, anatero akuluakulu, ndipo nyerere za m'galimoto zotere zimadya mapaundi.

Pa galimoto zoterezi, vuto limodzi lalikulu m'chaka choyamba likhoza kubweza ndalama zonse zoonjezera zija n'kutsalako. Koma tinene chilungamo: galimoto zambiri zimadutsa chaka chimenecho popanda vuto lalikulu. Zikanakhala kuti zonse zimafa, palibe kampani ikanapereka waranti. Ogula onse mukawaphatikiza, amalipira zambiri kuposa zimene amalandira, monga zimakhalira ndi inshuwalansi iliyonse. Chimene munthu akugula ndi kuchotsa tsoka lalikulu pamutu pake. Amene ali ndi ndalama zokwanira kubanki akhoza kudzisungira yekha tsokalo, ndipo nthawi zambiri amapindula. Amene watenga galimoto pangongole, amene malipiro a mwezi ali kale ndi eni ake, lendi, sukulu ya ana, ndi ndalama zotumiza kumudzi, sangapirire bilu ya injini. Kwa iye waranti ndi yofunika, ngakhale ndingaonjezere mwakachetechete kuti mwina galimotoyo ndi imene siikumuyenera.

Mtundu wa galimoto umasinthanso masamu. Pa kafukufuku wa kudalirika kwa galimoto amene amachitidwa ndi mabungwe ngati Consumer Reports ndi J.D. Power ku America kapena magazini ya What Car? ku Mangalande, Lexus nthawi zambiri imapezeka chapamwamba, pamene Land Rover kawirikawiri imapezeka chakumunsi. Ndiye chitsimikizo chimene chili chowolowa manja kwambiri chili pa galimoto imene siichifuna kwenikweni. Kuonjezera apo, kuyambira 2021 Toyota ndi Lexus ku Mangalande zimapereka chaka china cha waranti nthawi iliyonse galimoto ikachitidwa sevisi ku galaja yawo, mpaka itakwanitsa zaka 10 kapena mamailosi 100,000. Munthu akhoza kugula Lexus kwa mwini wake, n'kupita nayo ku sevisi ya kampani, n'kupeza chitetezo popanda kulipira mtengo wa Approved Used. Pa Range Rover ya zaka zinayi, ine sindingalimbe mtima kuigula yopanda waranti ya kampani, ndipo waranti ikamatha ndingayambe kuganiza zoionjezera kapena kuigulitsa.

Zimene sizilipiridwa

Mikangano yambiri pakati pa wogula ndi galaja imayambira pa mawu awiri: kuwonongeka ndi kutha. Waranti imalipira chinthu chimene chawonongeka chifukwa cha vuto la kapangidwe. Silipira chimene chatha chifukwa chogwira ntchito: matayala, mapadi a mabuleki, madisiki, klatchi, mawaipa, nthawi zambiri ngakhale batire. Pakati pa ziwirizi pali dera lalikulu la mkangano. Shoko ikayamba kudontha pa makilomita 90,000, yawonongeka kapena yatha? Kabuku kena kamalipira, kena ayi. Pa galimoto yolemera yokhala ndi marimu akuluakulu, matayala ndi mabuleki okha ndi ndalama zambiri pachaka, ndipo chitsimikizo sichikhudzako.

Waranti ilinso ndi zofuna zake. Sevisi iyenera kuchitika panthawi yake, ndi oilo wovomerezeka, ndipo umboni uyenera kukhalapo. Mukadumphitsa sevisi imodzi chifukwa mwezi unali wovuta, kampani ili ndi chifukwa chokanira. Mukaisintha kompyuta ya injini kuti ithamange kwambiri, mwaiphera nokha waranti. Mukayamba kuigwiritsa ntchito ngati takisi, kunyamula anthu a pa Uber kapena Bolt, mabuku ambiri amakutulutsani, ndipo apa abale athu ambiri ku Joni ndi ku Mangalande ayenera kusamala, chifukwa kuganiza kuti galimoto idzidyetsa yokha madzulo ndi kumapeto kwa sabata n'kofala.

Ku Joni nkhani ndi pulani

Ku South Africa msika wa galimoto zapamwamba uli ndi chikhalidwe chake. BMW imapanga galimoto ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, ndipo Mercedes-Benz imapanga C-Class ku East London, choncho magalaja a makampaniwa ali ponseponse m'mizinda. Kumeneko funso loyamba limene wogula amafunsa ndi lakuti, "Ikadali pa pulani?" BMW ili ndi Motorplan, Audi ili ndi Freeway Plan, Mercedes ili ndi PremiumDrive, ndipo zonsezi kawirikawiri zimakhala za zaka 5 kapena makilomita 100,000. Pulani yotereyi imaposa waranti wamba chifukwa imalipira sevisi ndi zinthu zambiri zakutha, monga mapadi a mabuleki. Imatsatiranso galimoto ikagulitsidwa.

Zotsatira zake zimaoneka pamitengo. Galimoto imene yatsala ndi zaka ziwiri pa pulani imagulidwa msanga. Imene pulani yake yangotha kumene imagwa mtengo ngati yachita ngozi, chifukwa aliyense akudziwa kuti kuyambira pano bilu iliyonse ndi ya mwini. Wogula wochenjera amayang'ana tsiku limene galimoto inalembetsedwa koyamba ndi makilomita ake, n'kuimbira kampani ndi nambala ya chasisi kuti atsimikize kuti pulaniyo ikadali yamoyo, chifukwa imatha kuimitsidwa ngati mwini woyamba anaphwanya malamulo ake kapena galimoto inakonzedwa ngozi kumalo osavomerezeka. Ayeneranso kusiyanitsa zinthu zitatu zimene ogulitsa amakonda kuzisakaniza pakamwa: pulani ya sevisi imene imangolipira oilo ndi mafyuluta, pulani ya chisamaliro chonse, ndi waranti.

Kuyambira pa 1 Julaye 2021, malangizo a Competition Commission ya dzikolo amalola mwini galimoto kukachititsa sevisi ku galaja yoyima payokha popanda kutaya waranti yonse, ndipo amafuna kuti mtengo wa pulani uzionetsedwa padera ndi mtengo wa galimoto yatsopano. Izi zinapatsa mphamvu magalaja ang'onoang'ono amene amadziwa bwino mtundu umodzi wa galimoto, ambiri mwa iwo otsegulidwa ndi amakaniko amene anaphunzira ntchito ku kampani komweko. Munthu amene ali ndi makaniko wotere, wokhala ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, ali kale ndi theka la chitetezo chimene ena amachigula.

Lamulo limene muli nalo kale

Ogulitsa sakonda kukumbutsa wogula kuti ngakhale popanda chitsimikizo chilichonse, lamulo limamuteteza. Ku Mangalande, Consumer Rights Act ya 2015 imapatsa munthu amene wagula kwa wamalonda masiku 30 oti abweze galimoto imene yapezeka ndi vuto n'kulandira ndalama zake. Vuto likaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, lamulo limaganiza kuti linalipo kale pogula, pokhapokha wogulitsa atasonyeza kuti si choncho. Ku South Africa, gawo 56 la Consumer Protection Act ya 2008 limaperekanso miyezi isanu ndi umodzi yoti katundu wolakwika akonzedwe, asinthidwe kapena abwezedwe, ndipo dila sangabisale kumbuyo kwa mawu akale aja oti voetstoots, ogulitsa chinthu mmene chilili. Maiko onse awiri ali ndi maofesi a ombudsman oona za madandaulo a galimoto.

Chitetezo chimenechi chimagwira ntchito mukagula kwa wamalonda. Mukagula kwa munthu wamba amene mwamupeza pa Facebook, chimachepa kwambiri. Ndiponso lamulo ndi ufulu wokangana, osati kiyi wa galimoto ina yoti muyendere mawa. Kulemba makalata, kufuna lipoti la katswiri, kudikira miyezi galimoto ili pa miyala, zonsezi n'zotopetsa kwa munthu amene amagwira mashifiti a usiku. Ubwino weniweni wa chitsimikizo cha kampani ndi wakuti kawirikawiri mumangoisiya galimoto pagalaja, iwo n'kuthana nazo. Komabe, powerengera phindu lake muzikumbukira kuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba munali kale ndi pogwira.

Mbiri ya galimoto nayonso munthu akhoza kuifufuza yekha. Ku Britain galimoto ikakwanitsa zaka zitatu imayezedwa MOT chaka chilichonse, ndipo zotsatira zake, pamodzi ndi mamailosi a tsiku limenelo, zimaoneka kwaulere pa intaneti ya boma mukangolemba nambala ya galimoto. Amene anabweza mita amagwidwa pomwepo. Ndi ndalama zochepa mungagule lipoti la HPI loonetsa ngati galimoto ili ndi ngongole, inabedwa, kapena inshuwalansi inaiweruza kuti yatheratu pangozi. Mabungwe ngati AA ku Mangalande ndi DEKRA ku South Africa amayeza galimoto m'malo mwa wogula. Kuyeza kotereku ndimakukhulupirira kuposa kwa dila, pachifukwa chimodzi: woyezayo mwamulipira ndinu.

Ikakwera sitima

Tsopano tifike pamene nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Galimoto zambiri zapamwamba zimene zikuyenda mu Lilongwe ndi Blantyre zinagulidwa ku Japan, ku Mangalande kapena ku South Africa, n'kulowa kudzera ku doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, kapena kuchokera kummwera kudzera ku Tete ndi Mwanza. Waranti ya Approved Used imalembedwa ndi nthambi ya kampani ya dziko limene galimoto yagulidwa. Ya ku Mangalande imagwira ntchito komweko, ndipo mwina paulendo waufupi wa ku Ulaya. Siwoloka nyanja kubwera kuno. Munthu amene walipira mtengo wa dila ku Birmingham ndi cholinga chotumiza galimoto kumudzi mwezi wamawa wagula lonjezo limene palibe amene adzalikwaniritse ku Area 47 kapena ku Namiwawa. Chimene angatengepo ndi mbiri yoyera ya galimotoyo, ndipo imeneyo akanaipeza motchipa.

Ndiye galimotoyo ikafika imakumana ndi dziko limene sinakonzedwere. Madizilo atsopano a ku Ulaya ali ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, ndipo ambiri amafuna madzi a AdBlue. Anapangidwira dizilo wa safa wochepa kwambiri ndi maulendo aatali othamanga amene amawotcha mwaye wa m'sefamo. Pa mzere wa galimoto wa m'tauni, kuyenda pang'ono n'kuima, sefayo imatsekeka, kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini, ndipo AdBlue ikatha galimoto zambiri zimakana kulira. Madizilo akale, amene anatchipa ku London pamene dera la ULEZ, lolipiritsa galimoto zotulutsa utsi wambiri, linakulitsidwa mu Ogasiti 2023 ndipo eni ake anayamba kulipira mapaundi 12.50 patsiku, amakopa anthu otumiza kunja, koma amabwera ali kale pamsinkhu wa mavuto. Matayala opyapyala pa marimu akuluakulu sagwirizana ndi maenje a nyengo ya dzinja, ndipo fumbi la mu Okutobala silichitira chifundo masensa ndi matumba a mpweya.

Sipeya iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa pampu kapena sensa unakwera usiku umodzi, ndipo kupeza madola oitanitsira kunakhala ntchito ina payokha. Onjezani msonkho wa MRA, umene umakwera injini ikakula ndiponso galimoto ikakalamba. Kuno chitetezo chenicheni cha mwini Benzi ndi zinthu zitatu zimene sizilembedwa pa pepala lililonse: makaniko amene amaudziwadi mtunduwo ndipo ali ndi makina ake, m'bale kapena mnzake ku Johannesburg amene angagule sipeya n'kuikweza basi, ndi ndalama zosungidwa padera zimene saziwerengera pa china chilichonse. Ndalama zimene zikanapita ku chitsimikizo zili bwino zitakhala m'thumba lachitatuli.

Ogula ku Japan ali ndi pepala lina, la ku okushoni, limene woyeza amalembapo giredi ya galimoto: 4 kapena 4.5 pa yabwino, 3.5 pa yotopa pang'ono, R pa imene inakonzedwapo ngozi. Si waranti, ndipo palibe amene adzakulipireni kanthu, koma limanena zoona zambiri ngati ndi lenileni. Pemphani loyambirira, mufananize nambala ya chasisi, ndipo mupeze wina woti akuwerengereni Chijapanizi chake, chifukwa zofunika kwambiri zimakhala m'mawu olembedwa pamanja m'mbalimo.

Kwa amene akukhala ku Leeds kapena ku Randburg ndipo galimotoyo ayenda nayo komweko, masamu ake ndi osavuta kuchita madzulo amodzi. Pezani galimoto ziwiri zofanana chaka, injini ndi mtunda, ina ya chitsimikizo cha kampani, ina ya pa yadi wamba. Onani kusiyana kwa mtengo. Kenako funsani kampani yomweyo kuti waranti yoonjezera ya chaka chimodzi pa galimoto yotereyo imagulitsidwa zingati payokha, popeza makampani ambiri amaigulitsa, ndipo muonjezerepo mtengo wa kuyeza kwapadera ndi lipoti la mbiri. Ngati dila akupereka chiwongoladzanja chotsika pa ngongole ya galimoto zotsimikizidwa, monga amachitira nthawi zina, chiikeni m'masamumo, chifukwa pa zaka zinayi chikhoza kuposa phindu la waranti yomwe. Kusiyana kukakhala kochepa ndipo galimotoyo ili ndi masipulingi a mpweya, turbo ziwiri ndi zaka zinayi, tengani ya chitsimikizo. Kukakhala kwakukulu, kambiranani mtengo. Chikwangwani cha Approved Used sichiletsa kunenerera, ndipo kumapeto kwa mwezi wogulitsa amene sanakwanitse chiwerengero chake amamva msanga.